Dzina la amene mukumuganizira lipite ku polisi, pa Facebook ayi

Mayi wina watilembera motere: "A loya, achimwene anga ankayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Anapezeka ataphedwa m'munda wa chimanga miyezi 8 yapitayo, njinga itapita. Mpaka lero palibe wamangidwa. Pa gulu la WhatsApp la kwathu anthu akhala akulumikiza nkhani, ndipo ambiri tikuloza mnzawo wa pa siteji amene anakangana nawo za ndalama sabata yomwe anamwalira. Chithunzi chake ndili nacho. Ndikufuna ndichiike pa Facebook pamodzi ndi dzina lake kuti apolisi achite manyazi. Kodi lamulo lingandigwire, chonsecho woferedwa ndine?"

Mayi, pepani ndi zovuta zimenezi. Inde, lamulo likhoza kukugwirani, ndipo kuferedwa sikungakutchinjirizeni. Za inuyo ndibwerako. Chondidetsa nkhawa choyamba n'chakuti ngati mnyamatayo alidi wolakwa, chithunzi chimenecho chikhoza kumupulumutsa.

Kupha munthu ndi mlandu wa pa gawo 209 la Penal Code, lamulo lofotokoza milandu ndi zilango zake. Majisitireti sauweruza, umapita ku bwalo lalikulu la High Court. Chilango chake, pa gawo 210, chimafika pa kunyongedwa kapena kukhala kundende moyo wonse, ngakhale kuti chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni mu 2007 chinamasula majaji kuti asamakakamizike kupereka chilango cha imfa. Poti chilango n'cholemera chotero, boma limayenera kubweretsa umboni wosasiya chikaiko, ndipo gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati woimbidwa mlandu ndi wosalakwa mpaka khothi litamupeza wolakwa. Mkangano wa ndalama ndi chifukwa chabwino choti wapolisi amuitane munthu n'kumufunsa komwe anali usiku umenewo. Kupitirira apo sufika. Pa siteji ya kabaza anthu amakangana za ndalama dzuwa lililonse, za chipereganyu, za kulandana kasitomala, za mafuta obwereka.

Umboni umene umamanga munthu pa milandu yotereyi kawirikawiri umakhala wa amene anaona womwalirayo komaliza atanyamula ndani, wa foni, ndi wa komwe njinga yapezeka. Wa maso uja ndiye wosachedwa kuwonongeka. Apolisi akagwira woganiziridwa amamuimika pamzere ndi anthu ena ofanana naye msinkhu ndi maonekedwe, mboni n'kuloza yokha popanda woinong'oneza. Zimenezi zimagwira ntchito pokhapokha ngati mboniyo sinaonetsedwe nkhopeyo kale.

Ndinakhalapo m'khothi tsiku lina mayi wogulitsa mandasi akuchitira umboni. Anali ataonadi munthu akukwera njinga ya womwalira chakumadzulo, ndipo ku polisi anamuloza pamzere mosajejema. Loya wa woimbidwa mlandu anaimirira n'kufunsa mwaulemu ngati mayiwo ali ndi foni. Anati eya. Ya WhatsApp? Eya. Kenako anawapatsa pepala lokhala ndi chithunzi chimene chinkayenda m'magulu a m'deralo, pansi pake palembedwa kuti wakupha ndi ameneyu, n'kufunsa ngati anachionapo asanapite ku polisi. Mayi aja anayang'ana pansi, n'kuvomera. Funso lomaliza linali lakuti, ndiye pamzere paja munaloza munthu wa pa njinga uja kapena wa m'foni mwanu? Sanayankhe. Mwina ankanena zoona, ine sindikukaika, koma umboni wawo unathera pomwepo, ndipo amene anatumiza chithunzicho anali achibale a womwalira.

Magulu a WhatsApp amawononganso mwa njira ina. Wina alemba kuti anamva kulira kwa njinga cha m'ma 9 koloko, wina ayankha kuti ayi inali 11, wachitatu awonjezera kuti mnyamata uja anagula malata sabata yotsatira. Pakatha mwezi aliyense akukumbukira nkhani imodzi yomweyo, ndipo palibe angasiyanitse chimene anaona ndi chimene anawerenga. Khothi silimva za "ndinamva kwa uje". Ndiponso pa gulu la anthu ambiri sipalephera kukhala msuweni kapena mlamu wa woganiziridwayo. Uthenga ukamupeza, foni iponyedwa m'chimbudzi, njinga iphwasulidwa n'kugulitsidwa ngati masipeyala, mwini wake awoloka malire.

Tsopano za inuyo. Kulemba poyera kuti uje anapha munthu ndi kuipitsa mbiri kwa mtundu woipitsitsa, ndipo akhoza kukusumirani kuti mumulipire. Kuti mupulumuke muyenera kutsimikizira khothi kuti zimene munalemba ndi zoona, kutanthauza kuti ntchito imene yakanika apolisi miyezi 8 muigwire inuyo nokha. Mawu oti "akuti" kapena "anthu akunena" sathandiza, chifukwa wobwereza nkhani lamulo limamuona ngati waifalitsa yekha. Chimodzimodzi wongotumiza uthenga wa wina ku gulu lina. Kubisa dzina koma n'kulemba kuti "wa njinga yofiira wa pa siteji ya pamsika" n'chimodzimodzi kumutchula, malinga anthu akumuzindikira.

Ena akuuzani kuti masiku ano munthu samangidwanso chifukwa choipitsa mbiri. Pali choona pang'ono. Mu July 2025 bwalo la High Court, litakhala ngati khothi lomasulira malamulo aakulu a dziko pa mlandu wa a Joshua Chisa Mbele, linagamula kuti gawo 200 la Penal Code, limene linkachititsa kuipitsa mbiri kukhala mlandu wa kupolisi, likutsutsana ndi ufulu wolankhula. Chigamulocho sichinachotse ufulu wa munthu wokusumirani kuti mumulipire. Sichinakhudzenso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene apolisi amaligwiritsa ntchito kwambiri pa zolembedwa pa intaneti. Gawo 87 la lamuloli, lokhudza mauthenga osowetsa wina mtendere, chilango chake ndi K1,000,000 ndi miyezi 12 kundende. Kaya lamulolo ndi labwino kaya ayi, ndipo ine ndili ndi madandaulo anga pa momwe amaligwiritsira ntchito, kugona m'chitokosi chifukwa cha imfa ya m'bale wanu yemwe si chinthu chimene ndingakufunireni.

Choopsa kuposa zonsezi ndi chimene anthu angachite akaona chithunzicho. Anyamata a kabaza akakwiya sadikira khothi, mukudziwa inunso. Mnyamatayo akamenyedwa mpaka kufa, apolisi adzafufuza amene anayatsa moto, ndipo gawo 21 la Penal Code limati wolimbikitsa kapena wotuma ena kupalamula amayankha mlandu ngati wopalamula weniweniyo. Nanga zitadzadziwika kuti sanali iyeyo? Ku Neno mu January 2016 anthu anayi okalamba anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atawaganizira kuti ndiwo anatumiza mphezi imene inapha mtsikana. Onse amene anatenga zibonga tsiku limenelo anali otsimikiza mumtima. Ndinenepo pomwepa, poti pa maliro otere sipalephera wina wonena kuti tipite kwa sing'anga akatiwonere: lamulo la Witchcraft Act la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo kuloza munthu kuti ndi mfiti kapena kuitana wolosera mfiti ndi mlandu pawokha. Zonena za sing'anga khothi silizilandira.

Dzina limene muli nalolo lili ndi kopita. Kukauza wapolisi wofufuza mlandu kuti mukuganizira uje, pa zifukwa izi ndi izi, lamulo limakutetezani, bola mukunena mwachilungamo zimene mukukhulupirira osati kunamizira munthu mwadala. Mawu omwewo amene pa Facebook angakulipitseni, ku ofesi ya apolisi ofufuza milandu, CID, ndi thandizo. Pitani mukapereke sitetimenti yolembedwa, akuwerengereni musanasayine, ndipo mufotokoze mosiyanitsa: ichi ndinaona ndekha, ichi anandiuza uje. Amene anaona mkangano uja ndi maso awo apite okha, aliyense payekha, asanakhale pansi n'kugwirizana chonena.

Mutenge nambala zonse za foni zimene achimwene anu ankagwiritsa ntchito, mapepala a njinga okhala ndi nambala ya injini ndi ya chasisi, ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba ngati alipo okhudza ngongoleyo. Makampani a foni sangakupatseni inuyo mndandanda wa amene anaimbirana ndi malemuwo, koma apolisi akatenga chilolezo cha khothi amapatsidwa. Funsani mwachindunji ngati anachita zimenezo, chifukwa zinthu zotere sizisungidwa mpaka kalekale. Funsaninso ngati thupi linapimidwa ndi dokotala lisanaikidwe m'manda, ndi ngati lipoti lake lili m'doketi, fayilo ya apolisi ya mlanduwo. Doketi yeniyeniyo sakuonetsani kafukufuku ali mkati, ndipo pamenepo akulondola. Koma nambala ya mlandu, dzina la wofufuza ndi pamene zinthu zafika, muli ndi ufulu wofunsa.

Muzifunsa polemba. Mawu apakamwa amauluka, ndipo wofufuza akasamutsidwa mumayambiranso pachiyambi. Lemberani kalata mkulu wa polisi ya kwanuko, mufotokoze tsiku la imfa, nambala ya mlandu ndi zimene munapereka, apo n'kupempha yankho. Kope lanu alidinde chidindo. Pakapita milungu ingapo kuli zii, kalata yachiwiri ipite kwa komishonala wa polisi wa chigawo chanu, yoyamba ija mutaiphatikiza. Kulinso bungwe la Independent Complaints Commission, lokhazikitsidwa pansi pa lamulo la apolisi la 2010, limene ntchito yake ndi kumva madandaulo a anthu pa kagwiridwe ntchito ka apolisi. A Malawi Human Rights Commission nawonso amalandira madandaulo okhudza ufulu wokhala ndi moyo. Ofesi ya mkulu wozenga milandu m'boma, DPP, ndi imene imagamula ngati umboni wakwana kupita nawo ku High Court, choncho ngati apolisi akuti doketi inapita kumeneko, kalata yanu ilondole komweko.

Njira ina imene mabanja ambiri saidziwa ndi ya lamulo la Inquests Act. Munthu akafa imfa yachiwawa kapena yosadziwika bwino, majisitireti ali ndi mphamvu yokhala pansi n'kufufuza kuti anafa ndani, liti, kuti, ndipo motani. Amaitana mboni, kuphatikizapo apolisi ndi dokotala, n'kulumbira. Kumeneko saweruza munthu kuti ndi wolakwa, koma wofufuza amene wakhala akukuuzani kuti "tikufufuzabe" amayenera kunena pamaso pa khothi zimene wachita. Loya akhoza kukulemberani pempho limeneli. Ngati ndalama palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu amene sangathe kulipira loya.

Musamve ngati ndikuti mukhale chete. Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic ku Blantyre, atapezeka atafa pa 24 September 2011, apolisi anati anadzipha. Achibale ndi anthu ambiri anakana, ndipo sanasiye kulankhula. Chimene chinagwetsa nkhani ya kudziphayo chinali zotsatira za kupima thupi kwa Dr Charles Dzamalala, ndi komiti yofufuza imene Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa mu 2012 motsogozedwa ndi Jaji Andrew Nyirenda, imene inapeza kuti mnyamatayo anachita kuphedwa. Phokoso la anthu linatsegula chitseko, koma cholowa nacho chinali umboni. Ngakhale zinatero mlanduwo wakhala ukukwawa zaka zambirimbiri, ndiye sindikunamizani kuti njira ya malamulo ndi yachangu.

Choncho pa Facebook lembani ndithu. Ikani chithunzi cha achimwene anu, osati cha mnzawoyo. Nenani tsiku limene anasowa, malo amene anapezeka, mtundu wa njinga ndi nambala yake, ndipo mupemphe amene anaona kanthu kuti akanene ku polisi. Nenani kuti papita miyezi 8 popanda womangidwa ndipo banja likufuna mayankho. Zonsezi ndi zoona, ndipo gawo 35 la malamulo aakulu a dziko likukulolani kuzinena mokweza. Zimene wofufuza wakunong'onezani, monga mtundu wa mabala kapena chimene chinapezeka pamalopo, musalembe, chifukwa zimathandiza apolisi kusiyanitsa wodziwadi kanthu ndi wongobwereza za m'misika.

Tsiku lina wina akadzamangidwa, konzekerani mtima. Apolisi amayenera kumufikitsa ku khothi pasanathe maola 48. Lamulo la kazengedwe ka milandu limaika masiku 90 ngati malire osungira woganiziridwa kupha mlandu usanayambe, ndipo High Court ikhoza kumupatsa belo. Mukadzamuona akuyenda pamsika musadzati wagula mlandu, belo si kumasulidwa. Nthawi imeneyo pakamwa mpofunika kusamala koposa, poti kulemba zoweruziratu nkhani ili m'khothi kapena kuopseza mboni ndi milandu inanso. Za kuchedwa, mlandu suola: wa kupha munthu ulibe zaka zimene umathera, njinga itapezeka patapita zaka 5 doketi imatsegulidwanso.

Pa gulu lanu la WhatsApp lija, zimene zalembedwa kale musangozifufuta. Jambulani mauthenga onse mmene alili, ndi masiku ake ndi manambala a olemba, mukapereke kwa wofufuza, chifukwa mwina mwa anthu khumi olankhula zakumva muli mmodzi amene anaonadi kanthu. Mukatero fufutani zanu zimene munatchulamo mnyamatayo, ndipo mupemphe oyang'anira gululo alengeze kuti amene ali ndi dzina la munthu alipititse ku CID.