Ndalama za boma zopangira mafuta a ndege kuchokera ku zinyalala, kodi kwathu zingafike?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe ali ku Middlesbrough ku Britain, amagwira ntchito mu khitchini ya lesitilanti ina kumeneko. Akuti sabata iliyonse kumabwera galimoto kudzatenga mafuta omwe akazingira kale nsomba ndi tchipisi, iwo amawasunga m'madiramu kuseri kwa khitchini, nde tsiku lina dalaivala anawauza kuti ena mwa mafutawo amakathera mu ndege. Kenako anamva pa nkhani kuti boma likupereka mamiliyoni a mapaundi kwa makampani ofuna kupanga mafuta a ndege kuchokera ku zinyalala, ndipo fakitale ina akufuna aimange komweko ku Teesside. Funso lawo ndi loti kodi ndalamazi ndi zaulere zenizeni, ndipo poti kwathu tili ndi nzimbe ndi ethanol, mlongo wawo amene anaphunzira za uinjiniya ku Poly sangapemphe nawo?

Achemwali, pepani ndachedwa kukuyankhani. Dalaivala uja sananame ayi. Mafuta a ndege amtunduwu, osachokera pansi pa nthaka, amawatchula kuti SAF (Sustainable Aviation Fuel), ndipo ambiri omwe akupangidwa lero pa dziko lonse akuchokera ku mafuta okazingira otha ntchito ngati anuwo komanso mafuta a nyama a kophera ng'ombe ndi nkhumba. Amawasefa, n'kuwatenthetsa pamodzi ndi hydrogen mpakana afanane ndi palafini wa ndege. Ndege ikamauluka utsi umatulukabe, musaganize kuti sutuluka, kusiyana kwake n'koti kaboni wake ndi amene mbewu zinakoka mu mpweya posachedwapa osati amene anali pansi pa nthaka zaka mamiliyoni, nde mukawerengera zonse kuyambira komwe achokera mpakana mu injini, abwino kwambiri amachepetsa mpweya woipa ndi pafupifupi 80 peresenti. Pakadali pano ndege zonyamula anthu zimaloledwa kusakaniza osapitirira theka ndi mafuta wamba. Mabatire ku ndege zazikulu zopita kutali sizingatheke, amalemera kwambiri, n'chifukwa chake aliyense maso ali pa SAF.

Vuto ndi mtengo basi. Amadula kawiri, pena mpakana kasanu kuposa mafuta wamba a ndege, ndipo bungwe la makampani a ndege la IATA linati mu 2024 dziko lonse linapanga matani pafupifupi 1 miliyoni, yomwe ndi 0.3 peresenti yokha ya mafuta onse a ndege. Apa ndi pomwe boma likulowererapo.

Thumba lomwe munamvalo ndi Advanced Fuels Fund, la unduna wa za mtengatenga ku Britain, linayamba mu 2022 ndi mapaundi 165 miliyoni. Mu Disembala chaka chomwecho anapereka gawo loyamba kwa mapulojekiti asanu. Wa kwanu ku Teesside ndi Lighthouse Green Fuels wa kampani ya ku Saudi Arabia yotchedwa Alfanar, analandira pafupifupi mapaundi 11 miliyoni. Velocys inalandira 27 miliyoni ya fakitale ya ku Immingham, LanzaTech 25 miliyoni ya ku Port Talbot ku Wales, ndipo kampani ya ku America ya Fulcrum BioEnergy inalandira 16.8 miliyoni ya ku Ellesmere Port. Mu Novembala 2023 anagawanso 53 miliyoni kwa mapulojekiti 9, ndipo mu Julaye 2025 anaonjezera 63 miliyoni kwa mapulojekiti 17.

Nde kodi ndi zaulere? Eya, sikuti ndi ngongole yoti abweze. Koma apa ndikufuna mundimvetse bwinobwino chifukwa anthu ambiri akamva mamiliyoni amaganiza kuti boma lamangira munthu fakitale. Fakitale imodzi yosandutsa zinyalala kukhala mafuta a ndege imadya mamiliyoni mazanamazana, zina kupitirira biliyoni, nde 11 miliyoni ija imathera kwa mainjiniya ojambula mapulani, oyeza malo, ofufuza ngati makinawo angagwiredi ntchito, ndi kutenga ziphaso. Zili ngati munthu wakulipirirani wojambula pulani ya nyumba ndi wodzayeza puloti, koma njerwa, simenti ndi malata mukazionera nokha. Ndipo ndalamazo sakupatsani pamanja tsiku limodzi, mumapikisana kaye ndi anzanu, mukapambana zimatuluka pang'onopang'ono mukamaonetsa kuti gawo lakuti mwamaliza.

Zotsalazo zimayenera kuchokera ku mabanki ndi anthu oika ndalama mu bizinesi, ndipo iwowa funso lawo ndi limodzi, adzagula ndani ndipo pa mtengo wanji kwa zaka 15 zikubwerazi. Ine m'mene ndimaionera nkhani yonseyi yagona pamenepa, osati pa thandizo laulere lija. Boma la Britain linkafuna kuti pofika 2025 mafakitale asanu akhale atayamba kumangidwa, chakacho chinafika zisanatheke. Nde anayamba njira zina ziwiri. Kuyambira pa 1 Januwale 2025 lamulo likukakamiza ogulitsa mafuta a ndege kuti 2 peresenti ikhale SAF, ifike 10 peresenti mu 2030 ndi 22 peresenti mu 2040. Ndipo mu 2025 anapititsa bilu ku nyumba ya malamulo yoti opanga SAF azitsimikiziridwa mtengo, msika ukagwa amawaonjezera, ukakwera kupitirira mtengo wogwirizana iwo amabweza, ndalama zake zochokera ku msonkho wa ogulitsa mafuta a ndege. Mlimi wa fodya aliyense amene analimapo pa kontrakiti akudziwa kusiyana kwa kulima uli ndi wogula kale ndi kulima n'kumakayembekeza ku okushoni. Maiko a mu European Union nawonso ali ndi lamulo lawo, 2 peresenti mu 2025, 6 peresenti mu 2030 mpakana 70 peresenti mu 2050.

Nkhani ya Fulcrum ija imandikhudza kwambiri. Anamanga fakitale pafupi ndi Reno ku Nevada yoti izitenga zinyalala za m'makomo n'kupanga mafuta, makampani akuluakulu a ndege anaikamo ndalama, koma makina ankangovuta, mu Meyi 2024 fakitale inatsekedwa anthu n'kuchotsedwa ntchito, mu Seputembala kampani inakalengeza ku khothi kuti yagwa. Iyi ndi kampani yomweyi yomwe boma la Britain linaipatsa 16.8 miliyoni ya msonkho wa anthu, kuphatikizapo msonkho wanu achemwali womwe amakudulani pa malipiro mwezi ndi mwezi. Sindikunena kuti boma lisamathandize, zinthu zatsopano zina zimakanika ndipo popanda woyamba kuyesa palibe chingayambe, koma muli ndi ufulu wofunsa MP wa dera lanu kuti pulojekiti ya ku Teesside ili pati ndipo ntchito zomwe analonjeza ziyamba liti. Olo Shell yomwe ili ndi ndalama zake inaimitsa kumanga fakitale yake yaikulu ku Rotterdam mu 2024, chaka chotsatira n'kuisiyiratu.

Ku America anatsata njira ina pang'ono. Lamulo la Inflation Reduction Act la 2022 linapereka kuchotsera msonkho kwa dola 1.25 mpakana 1.75 pa galoni iliyonse ya SAF, galoni ndi malita pafupifupi 3.8. Mu Ogasiti 2024 bungwe lawo loona za ndege la FAA linagawa madola 291 miliyoni, ochuluka mwa iwo a mapulojekiti a SAF, ndipo fakitale ya Montana Renewables ku Great Falls inapeza ngongole yotsimikiziridwa ndi boma ya madola 1.44 biliyoni. Koma boma litasintha, mu 2025 anatsitsa kuchotsera msonkho kuja kufika dola imodzi. Amene anawerengera bizinesi yake pa 1.75 anangotsala kugwira njakata.

Tsopano za mlongo wanu. Yankho lachilungamo ndi loti ku thumba la Britain lija sangapemphe ali ku Blantyre, ndalamazo ndi za mafakitale omangidwa ku Britain komweko, za ku America nazonso ndi za ku America. Ndipo malamulo a Britain ndi a ku Ulaya sawerengera mafuta opangidwa kuchokera ku mbewu zodya, amafuna zotsalira ndi zinyalala, nde olo titadzala nzimbe dziko lonse msika umenewo si wongolowa.

Koma maganizo anu a ethanol sali kutali ndi zoona. Ethanol amasandukadi mafuta a ndege, kampani ya LanzaJet inatsegula fakitale yoyamba yotero ku Soperton ku Georgia ku America mu Januwale 2024, yokonzedwa kuti izipanga magaloni 10 miliyoni pa chaka. Ndipo ife za ethanol tinayamba kale, EthCo ku Dwangwa inayamba mu 1982, PressCane ku Chikwawa mu 2004, onse amagwiritsa ntchito molasses wotsala popanga shuga, ndipo petulo wathu takhala tikusakaniza ndi ethanol zaka zonsezi maiko ambiri asanaganize n'komwe. Chomwe chimandivuta ine n'choti molasses yemweyo sakwana, mafakitale awiriwa amalephera kupanga mokwanira kuti petulo asakanizidwe mpakana 20 peresenti nthawi zonse. Ndagonapo pa mzere wa mafuta mu Lilongwe, galimoto zitandandana mpakana kuseri kwa msika, akabaza atakhala pa njinga zawo zamoto usiku wonse, mayi wina akugulitsa tiyi mu fulasiki cha m'ma 4 koloko m'bandakucha. Lita iliyonse ya ethanol yolowa mu petulo ndi madola omwe sitinatumize kunja. Nde kutenga ethanol wochepayo kukapatsa ndege ine sindingavomere, tiyambe takwanitsa kaye ya pamsewu.

Nawo mafuta okazingira kwathu sasala ngati kwanuko. Pitani pa chiwaya cha tchipisi muone, mafuta amakazingira mpakana ade bii, akachepa amangothiramo ena pamwamba, palibe diramu yodzaza yoti galimoto idzatenge.

Cha pafupi ndi ife chomwe chinachitikadi ndi cha ku South Africa. Ku Marble Hall ku Limpopo alimi analima fodya wotchedwa Solaris, wopanda nikotini, wolimidwa chifukwa cha njere zake zomwe amafinya mafuta osati masamba. Mu Julaye 2016 ndege ya South African Airways inauluka kuchoka ku Johannesburg kupita ku Cape Town ndi mafuta osakaniza 30 peresenti ochokera ku fodya ameneyu, Boeing inali nawo pa ntchitoyi. Kwa dziko lolima fodya ngati lathu nkhani imeneyi ndi yofunika kuiwerenga bwino, makamaka chifukwa chomwe sinakule kufika pa bizinesi yaikulu. Kenya Airways nayo inaulutsa ndege kuchoka ku Nairobi kupita ku Amsterdam ndi SAF pang'ono mu Meyi 2023.

Nde mlongo wanu muuzeni asataye nthawi kulemba kalata ku London. Ayang'ane pulogalamu ya ICAO, bungwe la United Nations loona za ndege, yotchedwa ACT-SAF, yomwe imathandiza maiko ongotukuka kumene ndi maphunziro komanso kafukufuku woona ngati dziko lingapange mafutawa, ndipo khomo lake ndi boma kudzera ku oyang'anira za ndege, osati munthu payekha. Ngati angapeze mpata wogwira ntchito ku Dwangwa kapena ku Chikwawa olo wa miyezi yochepa, autenge, aphunzire m'mene molasses amasandukira ethanol ndi manja ake. Mundilemberenso mundiuze kuti anamaliza chaka chanji komanso anatsata uinjiniya wa mbali iti, ndione ngati pali maphunziro a masters a za mafuta amenewa omwe angafunsire kwanuko.