Kodi aligorizimu imasanduka kapena imasinthika? Nanga majini alowapo bwanji?

Funso la lero lachokera kwa mchemwali wina yemwe akuphunzira za makompyuta. Akuti: "Ndikufuna kufotokozera anzanga m'Chichewa za genetic algorithm ndi evolutionary algorithm, njira zija kompyuta imapezera yankho potengera momwe zamoyo zimasinthira. Mnzanga wina akuti tiziti aligorizimu ya majini, wina akuti aligorizimu yosanduka. Cholondola n'chiti?"

Achemwali, funso lanu landikomera kwabasi, ndipo ndinene mosapsatira kuti anzanu onse awiriwo aphonya, koma wa majini uja ndiye waphonya moseketsa. Inde ndikudziwa kuti masiku ano olemba ambiri akumalemba majini potanthauza tinthu ta m'thupi tomwe mwana amatengera kwa makolo, angotenga liwu lomwe wasayansi wa ku Denmark Wilhelm Johannsen anapeka mu 1909 n'kuliveka ma- kutsogolo basi ntchito yatha. Koma liwu loti majini linali ndi mwini wake kale! Linabwera kuchokera ku Chiarabu kudzera m'Chiswahili ndipo limanena mizimu yovutitsa munthu, ine ndikukula ndikamva akuluakulu akunong'onezana kuti uje ali ndi majini sindinkaganiza za magazi a makolo ake ayi. Ndiye inu mukaime pamaso pa anthu n'kunena kuti mwalemba pulogalamu ya majini, mudzaona okha akusendera kukhomo. Tili ndi chibadwa, tili ndi kutengera, nanga tikusowa chiyani?

Koma tisanakangane za dzina tione kaye chinthucho, poti vuto la omasulira ambiri ndi kutchula dzina mwana asanamuone. Aligorizimu ndi mndandanda wa masitepe omwe kompyuta imatsata pothetsa vuto, ndipo yathuyi imayenda motere. Kompyuta imayamba ndi gulu la mayankho ongolota, ambiri mwa iwo achabechabe. Lililonse limayesedwa pa muyeso womwe munthu waika, omwe achitako bwino amapatsidwa mwayi waukulu wobereka, awiri amasakanizidwa chidutswa cha uyu chidutswa cha uyo n'kutuluka ana, kenako apo ndi apo kachidutswa kena kamasokonezedwa mwachisawawa kuti pabwere zachilendo, ofooka amatayidwa, ndiye zimabwerezedwa m'badwo ndi m'badwo mwina kambirimbiri mpaka yankho litafika pokhutiritsa. John Holland wa ku yunivesite ya Michigan ndi amene anaiyala bwino nkhaniyi m'buku lake la 1975, pomwe ku Berlin Ingo Rechenberg ndi Hans-Paul Schwefel anali atayamba kale zofananako m'zaka za m'ma 1960. Mwaona kuti m'badwo, kubereka, ana, kusakaniza, onsewa ndi mawu athu enieni ndipo alowa osakakamiza?

Tsopano kusanduka. Kusanduka ndi kwa chinthu chimodzi, chomwe chinali ichi kenako chakhala icho, madzi asanduka magazi, m'nthano munthu asanduka fisi, ndipo kawirikawiri zimachitika kamodzin'kamodzi. Apa sizili choncho. Palibe yankho limodzi lomwe limagona lili loipa n'kudzuka lili labwino, chomwe chikuyenda ndi gulu lonse, pang'onopang'ono, makolo akufa ana akulowa m'malo. Ngakhale pa zamoyo zenizeni anthu akamati nyani anasanduka munthu amakhala akumunamizira Charles Darwin, wasayansi wotchuka pa chiphunzitso cha momwe zamoyo zimasinthira, iye sanaphunzitse zimenezo, ndipo ine ndimakhulupirira kuti theka la mikangano ya nkhaniyi pakati pa olankhula Chichewa linabadwa ndi mneni mmodzi yekhayu.

Liwu lake ndi kusinthika, dzina lake chisinthiko. Ndipo apa mundilole ndichedwepo chifukwa kamphatikiri aka ka -ik- kapena -ek- ndimakakonda zedi. Tamverani: kuswa, kuswedwa, kusweka. Mbale ikaswedwa pali wina waiswa ndipo timufuna, koma ikasweka yangosweka basi, wochita sakutchulidwa. Kuona, kuonedwa, kuoneka. Kumva, kumvedwa, kumveka. Chimodzimodzi kusintha, kusinthidwa, kusinthika. Injiniya akakhala pansi n'kukonza pulani ndi manja ake, pulaniyo yasinthidwa. Koma mu njira tikukambayi palibe amene wagwira yankho n'kulipinda, langosinthika. Chitsanzo chomwe chimandisangalatsa ndi eriyo yopangidwa m'njira imeneyi yomwe a NASA, bungwe la ku America lofufuza za m'mlengalenga, anaika pa masetilaiti a ST5 omwe anaulutsidwa mu 2006, kawaya kopindikapindika kooneka ngati kapondedwa, palibe injiniya akanakajambula choncho mwa iye yekha koma kanagwira ntchito. Kameneko kanasinthika. Chizungu chimafunika chiganizo chathunthu kuti chinene zimenezi, ife timalemba tiwiri tokha tamaliza, ndiye wina azindiuza kuti Chichewa sichingakambe sayansi?

Wina anganditsutse kuti komatu munthu alipo, ndi amene waika muyeso. Zoona, ndipo ndi pomwe pagona luso lonse, mukaika muyeso wopotoka kompyuta idzakupatsani yankho lopambana pa muyeso wopotokawo mosachita manyazi. Koma woika muyeso sanapange yankho, monganso woweta ziweto amasankha zoti zikwerane koma sajambula mwana wobadwayo.

Pa muyeso pomwepa pali kena kamandinyansa. Liwu la Chizungu loti fitness, lomwe limanena momwe yankho lachitira pa muyeso, ena akumalimasulira kuti mphamvu kapena kulimba, ngati nkhani ya kujimu, mpaka kumati zamphamvu zokha ndi zomwe zimapulumuka. Ayi ndithu. Nkhani ndi kuyenera, kugwirizana ndi chomwe chikufunika pamalopo. Ngati mukusaka njira yaifupi yoti galimoto izungulire mizinda 50 n'kubwerera, yankho loyenera ndi lalifupi, mphamvu ilowapo pati?

Za aligorizimu sindilimbana nazo kwambiri ngakhale makutu anga sakondwa. Liwuli ndi dzina la munthu, al-Khwarizmi, katswiri wa masamu yemwe ankagwira ntchito ku Baghdad cha m'ma 820, Azungu analipotoza m'Chilatini ifenso tikulipotoza kachiwiri, palibe woseka mnzake. Chomwe ndimakana ndi kulemba kwa chisawawa, uyu alugorizimu uyu aligolizimu uyu algorithm yo, munthu mmodzi ndime imodzi masipelo atatu. Ine ndimakonda ndondomeko, lomwe m'makutu mwanga ndi pachibale ndi kulondola, phazi ili kenako ilo, ndipo aligorizimu ndi chimenecho basi. Kungoti ndondomeko yatopa ndi mamitingi, aliyense ali ndi ndondomeko ya chitukuko, ndiye mukakhala pakati pa anzanu a makompyuta nenani aligorizimu kuti asaganize za bajeti.

Ndiye achemwali lembani kuti aligorizimu yotengera chisinthiko pa evolutionary algorithm, lomwe ndi dzina la banja lonse, ndipo genetic algorithm ya Holland ija muziti aligorizimu yotengera chibadwa. Zikutalika eti? Zitalike, pakamwa padzazidula pokha zikazolowereka. Chenjezo limodzi, musaponyere m'thumba lomweli njira ya nyerere ya Marco Dorigo ya 1992 kapena ya gulu la mbalame ya James Kennedy ndi Russell Eberhart ya 1995, poti mmenemo mulibe kubereka kapena kufa, nyerere zimangotsatana fungo, zimenezo ndi zotengera chilengedwe koma si chisinthiko.