Za dzino la ababa lija

Eee achemwali, voice yanu ndaimva, yoti ababa akukana kukazulitsa dzino chifukwa akuti lasiya kuwawa nde mukufunsa ngati tingowasiya. Ayi ndithu tisawasiye, chonde.

Mukudziwa, dzino likabowoka mpaka kufika pa kamtsempha kamkati kaja limawawa zoopsa, munthu osagona, kenako tsiku lina limangoti zii. Anthu amati lapola koma nthawi zambiri ndiye kuti kamtsemphako kafa, tizilombo tatsikira kumizu ndipo mafinya akuunjikana munsagwada. Nde inu mwanena kuti tsaya lakumanzere likuoneka lotupa eti? Apopo ndi pamene pakundisowetsa mtendere ine, chifukwa dzino lam'munsi lakumbuyo likachita mafinya chotupacho chimatha kutsikira kukhosi munthu nkuyamba kuvutika kumeza ngakhale kupuma kumene. Zikafika pamenepo sizakuti tidikire mawa ayi, ndi zothamangira kuchipatala usiku omwewo, mwina mpaka kutumizidwa ku Central ku Lilongwe.

Panado ndi bulufeni amene akumwawo amangogonetsa ululu basi. Amoxicillin wogula pa golosale uja amatha kuphwetsako pang'ono koma gwero lake likadali mkamwa momwemo, pakapita masabata chimabweranso. Komanso muwaletse zoika asipilini kapena fodya pa dzino, asipilini amawotcha nkhama.

Ine ababa ndikuwamvetsa, ndi mantha. Anakula akumva kuti ukazula dzino maso amafa, kapena umataya magazi mpaka kukomoka. Za masozo sizoona. Inenso paja ndinazulitsa langa chaka chatha, ndinkanjenjemera pa benchi paja, koma anandibaya jakisoni wa dzanzi, ndinangomva kukankhakankha, osati kuwawa. Anandilumitsa thonje kwa mphindi 30, anati tsiku limenelo ndisachukuche mkamwa, mawa lake ndiyambe madzi ofunda a mchere. Patatha masiku atatu ndinkadya nsima bwinobwino.

Nde tisawakalipire, mukudziwa ababa ukawakakamiza ndiye amaumiratu. Muwauze mofatsa kuti tiyeni tikangomvanso kwa adokotala, mafunso onse akafunse okha, ngati lingathe kumatidwa kapena ayi, ndipo chifukwa chake nchiyani. Adokotala aja analiona ndi maso awo, anaunika mkamwa, ife tikungoganizira patali. Akakanena kuti lawonongeka kwambiri lichoke, tiwamvere. Musaiwale kutenga buku lawo lakuchipatala ndipo mukanene za BP yawo ija ndi mankhwala onse amene amamwa asanayambe chilichonse.

Transport yochokera ku Santhe kukafika pa Boma nditumiza pa Airtel Money madzulo ano, ya anthu awiri. Mupite nawo inuyo m'mamawa, adye kaye kaphala asananyamuke. Koma usiku uno mukaona kuti thupi latentha kapena kukamwa kukukanika kutseguka, mundiimbire nthawi yomweyo tipeze galimoto.