Mwana wanga amakumba dzenje anzake akuphunzira

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina wa kufupi ndi Ngabu. Adawalembera pa foni ndi mwana wa achemwali awo, ndipo ndalifupikitsa.

"Aphungu, mwana wanga wamwamuna ali Sitandade 5. Chiyambire teremu ino walangidwa kanayi chifukwa chosalemba homuweki. Ulendo womaliza adamukumbitsa dzenje la zinyalala kuyambira m'mawa mpaka nthawi yopuma, anzake ali m'kalasi. Dzina lake silisowanso papepala la olongolola. Akaweruka amakadyetsa mbuzi, pobwera kumakhala kutada, nyali tilibe. Ine ndidalekezera Sitandade 3, Chingerezi chili m'kope mwakemo sinditolapo kanthu. Bambo ake akuti apita kusukuluko akawaonetse aphunzitsiwo zakuda. Kodi wolakwa ndani?"

Mayi, choyamba apepeseni bambowo akhale kaye pansi. Kusukuluko apite ndithu, zokanena ndiwapatsa m'munsimu, koma asapite ngati akulondola wakuba ng'ombe. Kholo likalalatira mphunzitsi pamaso pa ana, mawa lake mphunzitsiyo amangomutaya mwanayo: samulanga, samufunsa funso, kope lake salichonga. Ana otero ndawaona. Amakhala kumbuyo kwa kalasi mwamtendere mpaka chaka kutha, kenako n'kubwereza.

Mwafunsa kuti wolakwa ndani. Ine ndili ndi muyeso umodzi wokha umene ndimayezera lamulo la m'kalasi, chilango, ngakhalenso ntchito zimene timatuma ana pakhomo: kodi chinthuchi chikumupatsa mwana nthawi yophunzira, kapena chikumulanda? Tikayeza chomwecho, mbuzi zanu ndi dzenje la aphunzitsilo zikugwera mbali imodzi.

Nthawi ndiyo imasowa kwambiri m'sukulu zathu, kuposa choko, kuposa madesiki. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana adakhamukira kusukulu, chiwerengero n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Zipinda ndi aphunzitsi zikuthamangirabe chiwerengerocho mpaka lero. Unduna wa zamaphunziro umafuna kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, koma kuno ku Chikwawa ndi Nsanje kalasi ya ana 100 sidabwitsa munthu. Phunziro limodzi ku Sitandade 5 ndi mphindi 35. Mphunzitsi akataya mphindi zisanu kutontholetsa phokoso, zina zisanu kulandira ochedwa amene akulowa mmodzimmodzi, watsala ndi 25 zoti aphunzitse, apereke ntchito, achongeko makope angapo.

Ndiye kuchigwa kuno tili ndi zathuzathu zimene a kumtunda alibe. Mu Okotobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pansi pa malata, ikangokwana 11 koloko, mitu ya ana imaleka kulandira kanthu. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 zidasandutsa makalasi ambiri kukhala misasa ya anthu othawa madzi, mabuku n'kunyowa, masabata ophunzira n'kupita osabwerera. Mwana wanu ali m'gulu la ana amene zina mwa zimenezi zidawapeza ali m'makalasi oyambirira, pomwe munthu amaphunzira kuwerenga. Choncho malamulo aja oti fika belu lisanalire, kweza dzanja usanayankhule, pempha potuluka, bwera ndi kope ndi cholembera, si ofuna kukweza ulemu wa aphunzitsi ayi. Ndi mpanda wotchingira kanthawi kochepako. Pamenepa aphunzitsiwo ndili nawo mbali imodzi, ndipo mwanayo amve kuchokera pakamwa panu kuti inunso muli nawo.

Koma pa dzenje paja ndasiyana nawo. Mwana wasowa phunziro la kunyumba, ndiye chilango chake n'kumusowetsanso maphunziro atatu kapena anayi a m'mawa, nthawi yokhayo imene kunja kumakhala kozizirirako? Mawa lake apatsidwanso homuweki yochokera pa zimene sadaphunzire, alepherenso, akumbenso. Kumeneko n'kuthira madzi m'dengu. Chilango choyenera mwana wosalemba ntchito n'chakuti ailembe ntchitoyo, pa nthawi yopuma kapena anzake ataweruka. Ngati n'kusesa kapena kutchetcha, kuchitike maphunziro atatha, kukhale kolingana ndi msinkhu wake, osati kumugwiritsa khasu padzuwa loswa mtengo. Kumenya ndiye unduna udaletsa, ngakhale ndikudziwa kuti alipo makolo amene amapita okha kukapempha kuti "muzimukwapula ameneyu". Mwana akabwera atavulazidwa, imeneyo si nkhani yokambirana pansi pa mtengo: mupite naye kuchipatala, ahedi adziwe tsiku lomwelo, ndipo ofesi yosamalira ana kapena apolisi angathe kulowapo.

Ndisabise, inenso ndidakumbitsapo ana maenje masiku amene ndinkagwira choko. Mnyamata wina ndidamulanga teremu yathunthu chifukwa chokopera zolakwika ndi kucheza ndi mnzake wa pambali. Ndidadzazindikira mochedwa kuti pabolodi sankaona bwino, ndipo kucheza kuja kunali kufunsa kuti palembedwa chiyani.

N'chifukwa chake dzina la mwana wanu papepala la olongolola likundipatsa mafunso osati mkwiyo. Sitandade 5 ndi chikweza chachikulu. M'makalasi am'munsi aphunzitsi amafotokoza zambiri m'Chichewa, koma kuyambira Sitandade 5 mabuku a masamu, sayansi ndi maphunziro ena onse, kupatula Chichewa chenichenicho, amakhala m'Chingerezi, ndipo zimapitirira choncho mpaka mayeso a PSLCE a ku MANEB mu Sitandade 8. Kwa mwana amene pakhomo amayankhula Chisena, Chingerezicho ndi chiyankhulo chachitatu. Mwana akakhala maola asanu akumva mawu ongodutsa pamwamba pa mutu, amapeza chochita: kutsina mnzake, kuseka, kuponya njere za masau. Ambiri amene timawatcha amwano mu Sitandade 5 ndi ana amene adasochera panjira, palibe adawaona.

Muyeseni nokha madzulo ano. Simukusowa Chingerezi. Mupatseni buku la Chichewa, kaya Baibulo, kaya buku la nyimbo, awerenge mokweza ndime imodzi. Khutu lanu likuuzani. Ngati akuyenda bwinobwino ngati akucheza, vuto ndi Chingerezi ndi nthawi basi. Koma ngati akudodoma pa liwu lililonse, kuphatikiza zilembo chimodzichimodzi, ndiye kuti homuweki ija sakuikana, ikumukanika, ndipo aphunzitsi ayenera kudziwa zimenezi kuti azimupatsa zowerenga zom'yenera. Mumufunsenso kuti amakhala pati m'kalasimo, ngati amaona pabolodi, ngati amamva mawu a aphunzitsi. M'chipinda cha ana 100, wokhala kukhoma lakumbuyo amakhala ngati ali sukulu ina.

Tsopano tibwere pakhomo panu, pakuti apa ndi pomwe mphamvu zili m'manja mwanu. Dzuwa kuno limalowa cha m'ma 6 koloko, nthawi yachisanu limafulumirirapo. Pakati pa kuweruka ndi mdima mwanayo ali ndi maola ochepa, ndipo onsewo mwawapereka kwa mbuzi. Sindikunena kuti asiye kuweta. Mbuzizo ndi zomwe zidzamugulire zofunika ku sekondale, ndipo mwana wosadziwa ntchito za pakhomo nayenso ndi mtolo. Ndikupempha mphindi 40 zokha kunja kukuwala. Akafika adye, akhale pamthunzi, alembe, mbuzi zidikire pachingwe kapena wina azigwirizire. Zoti atenge kope kubusa musayese n'komwe; maso akakhala m'kope mbuzi zimalowa m'dimba la eni, mlandu wake n'kuposa dzenje lija. Njira ina imene imathandiza ana ambiri ndi yotsalira kusukulu ndi anzake awiri kapena atatu, n'kumaliza ntchitoyo asanauyambe wa kunyumba, pomwe buku la kalasi lili pafupi. Ndipo kunena mosapsatira, mbuzi imodzi mwa zimene akudyetsazo ingagule nyali ya sola n'kutsala chenji chogulira makope a chaka chonse. Bambo aiganizire imeneyo.

Nyengo zina ntchito imachuluka mosapeweka: kuingitsa mbalame m'mapira, kutola thonje, kuthirira kudimba. Masiku oterowo tumizani mawu kwa aphunzitsi zisanachitike. Mphunzitsi wouzidwa amapeza njira. Wongoona kope lopanda kanthu amaganiza kuti ndi mwano.

Mwati Chingerezi simutolapo kanthu. Kope limawerengeka ngakhale ndi munthu wosadziwa chiyankhulocho. Pamwamba pa tsamba pamakhala deti, manambala ake mumawadziwa: kodi ndi la lero? Masamba akudzaza kapena kope lili momwe lidagulidwira? Bolopeni yofiira ya aphunzitsi ikudutsamo? Zochonga n'zambiri kapena mitanda? Kenako mufunseni akufotokozereni m'chiyankhulo cha pakhomo zimene waphunzira lero. Mwana amene angathe kufotokozera mayi ake, wamva. Amene akungoti "taphunzira sayansi" n'kukhala chete, sadamve. Masamu ndiye mumawadziwa kuposa momwe mukudziyesera: munthu wogulitsa pamsika wa Ngabu n'kubweza chenji osalakwitsa angathe kufunsa mwana matebulo uku akupeta mapira. Chimodzi chokha muletse: mkulu wake kapena mwana wa achemwali anu uja asamulembere. Amulongosolere, koma dzanja likhale lake. Homuweki yolembedwa ndi wina imanamiza aphunzitsi kuti mwana wamva, iwo n'kupita patsogolo.

Aphunzitsi nawonso ali ndi ngongole pa homuweki. Iyenera kuchokera pa zimene aphunzitsa kale, ikhale yochepa, masamu asanu osati makumi awiri, ndipo ichongedwe. Ndikudziwa kulemera kwake: makope 100, lililonse mphindi imodzi, ndi ola limodzi ndi mphindi 40 pa phunziro limodzi lokha. N'chifukwa chake ena amasinthanitsa makope ana n'kuchongerana mayankho ali pabolodi, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma ngati mwezi watha m'kope mulibe chizindikiro chilichonse, pomwe mwana akulangidwa chifukwa cha ntchito yomweyo, kholo lili ndi ufulu wofunsa.

Bambo apite chonchi. Asankhe nthawi yoweruka, osati pakati pa phunziro, ndipo inu mayi mupite nawo pakuti ndinu mwaona kope. Muyambe ndi mphunzitsi wa kalasiyo, osalumphira kwa ahedi. Mukapatsana moni munene kuti: "Aphunzitsi, tabwera kudzamva za mwana wathu. Tikudziwa kuti sakulemba homuweki, ndipo mbali ina vuto ndi lathu, tayamba kukonza. Tikupempha mumuike kutsogolo, mutiuzenso ngati akutha kuwerenga. Akalakwa mulangeni, koma tikupempha kuti chilangocho chisamamutulutse m'kalasi." Mphunzitsi wofikiridwa motero kawirikawiri amamasuka, mwinanso n'kukuuzani zina za mwana wanu zimene simukuzidziwa. Zikapanda kusintha pakatha masabata awiri, pitani kwa ahedi. Kukakanika kumeneko kuli komiti ya sukulu ndi PTA, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndipo pamwamba pawo pali a PEA, alangizi a zamaphunziro a pulayimale, amene amapezeka ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yanu. Nkhani ya zilango zochitika nthawi ya maphunziro ndi yoyeneranso kuidzutsa pamsonkhano wa makolo, osatchula dzina la mphunzitsi, chifukwa wokumba maenje si mwana wanu yekha.

Pa nkhani yomweyi ya pepala la olongolola, mtsikana wa Sitandade 7 wa ku Bangula wandilembera kuti: "Adandisankha umonita. Ndikalemba maina anzanga amandida, ena akuti adzandimenya panjira. Ndikapanda kulemba aphunzitsi amandikalipira. Nditani?"

Mwanawe, udindo wakupatsawo ndi wolemera kuposa msinkhu wako, ndipo si kulakwa kwako. Chita izi. Usanalembe munthu, muchenjeze kamodzi mokweza kuti onse amve. Akapitiriza ndiye ulembe, ndipo aliyense adzakhala mboni kuti sudamunamizire. Mnzako wapamtima akalongolola umulembenso, ndipo wokupatsa masau kapena chitumbuwa kuti umufufute, um'bwezere chitumbuwa chakecho. Mamonita amadedwa kwambiri chifukwa chokondera, osati chifukwa cholemba. Usagwire ndodo ngakhale aphunzitsi atakupatsa. Kulanga si ntchito yako. Za okuopsezawo uwauze aphunzitsi mawa lomwe, kapena mmodzi wa amayi a Mother Group, gulu lija lothandiza atsikana pasukulu, ngati ukuchita mantha, ndipo masiku ano poweruka uziyenda ndi anzako. Uwapemphenso aphunzitsiwo kuti akamatuluka azisiya ntchito pabolodi, komanso kuti umonitawo muzisinthana. Chaka chamawa uli ndi mayeso a Sitandade 8, ndipo nthawi imene maso ako akusaka olongolola, kope lako nalonso limakhala lotseka.