Dashboard ikukana kutsegula: chilolezo chatsekeka pati?

FUNSO: Mnzanga wa mu ofesi wanditumizira linki ya lipoti la Power BI (pulogalamu ya Microsoft yopangira ma dashboard, masamba oonetsa manambala mu machati), koma ndikadina ikundiuza kuti ndilibe chilolezo. Kwa iye ikutsegula bwinobwino. Kodi ndi kompyuta yanga imene yavuta?

YANKHO: Kompyuta yanu ilibe mlandu, mayi. Nthawi zambiri munthu amangokopera adiresi imene ili pamwamba pa browser n'kutumiza, osadziwa kuti adiresiyo imangolozera kumene kuli lipoti, siipereka chilolezo. Mwini lipoti adine Share n'kulembapo imelo yanu ya kuntchito, kapena akuikeni pa mndandanda wa anthu oona app ya mu Power BI imene muli lipotilo.

Koma musanamuvutitse, dinani kachithunzi ka akaunti kamene kali pa kona ya kumanja pamwamba, muone imelo imene mwalowera. Browser imasunga akaunti zakale, ndipo ikhoza kukulowetsani ndi ya kumene munkagwira kale inu osazindikira. Tsegulani windo ya InPrivate mu Edge kapena ya Incognito mu Chrome, mulowe ndi imelo ya kuntchito. Zikakanabe, funsani a IT za laisensi. Wa laisensi yaulere saona lipoti la mnzake pokhapokha workspace (malo amene gulu limasungira malipoti ake mu Power BI) ili pa ntchito imene kampani imalipira ya Premium capacity, kapena ya Fabric ya mlingo wa F64 kupita m'mwamba. Apo ayi pamafunika laisensi yolipira ya Pro. Ndipo workspace ikakhala ya Premium Per User, ngakhale Pro siikwanira.

FUNSO: Ndimayang'anira makompyuta pa kampani ya nthambi zingapo. Mamanijala a nthambi ankatsegula lipoti la malonda koma machati onse ankaonetsa uthenga wa vuto. Ndinawasintha kuchoka pa Viewer kupita pa Member ndipo zonse zikuoneka tsopano. Pali china choti ndichite?

YANKHO: Chilipo bambo, ndipo n'chofunika lero lomwe: abwezereni pa Viewer. Ndikunena izi mosapita m'mbali chifukwa njira imeneyi imaoneka ngati yathetsa vuto pomwe yatsegula lina lalikulu.

Mu workspace ya Power BI muli maudindo anayi: Admin, Member, Contributor ndi Viewer. Ngati amene anapanga lipotilo anaikamo row-level security, yomwe ambiri amangoti RLS, cholinga chake chinali chakuti manijala aliyense aziona mizere ya deta ya nthambi yake yokha. RLS imagwira ntchito pa a Viewer okha. Munthu akangokhala Contributor, Member kapena Admin, amaona mizere yonse. Ndiye kuti panopa manijala aliyense akuwerenga malonda a anzake, ndipo akakhala kuti mu deta yomweyo muli malipiro a antchito, akuwaonanso. Kuonjezera apo, Member amatha kusintha lipoti, kulifufuta, ngakhale kulowetsa anthu ena mu workspace.

Zilolezo zimenezi zili ngati geti, chitseko cha ofesi ndi kabati ya mafayilo: chilichonse chili ndi kiyi wake. Laisensi ndi lipoti, zimene ndi geti ndi chitseko, mamanijalawo anazidutsa, n'chifukwa chake tsamba linkatsegula. Anakakamira pa deta. Lipoti la Power BI silisunga manambala lokha, limawatenga ku semantic model, imene mpaka 2023 inkatchedwa dataset. Model ikakhala ndi RLS, Viewer amene sali mu role iliyonse ya RLS (gulu lokhala ndi lamulo la mizere imene munthu aone) saona kanthu.

Pitani pa semantic model imeneyo, dinani timadontho titatu, musankhe Security. Mupeza ma role amene anapangidwa mu Power BI Desktop, ndipo ndikuganiza kuti mupeza mulibe mayina a mamanijalawo. Alowetseni. Ine ndimakonda kulowetsa gulu la mu Microsoft Entra ID osati munthu mmodzimmodzi, kuti wina akasamutsidwa muzingomuchotsa mu gulu limodzi n'kumuika mu lina. Mukatero dinani Test as role, muone lipoti monga mmene iye azilionera, musanamuimbire foni kuti zatheka.

Pali kavuto kena kobisika. Malipoti ambiri ali ndi tebulo la maimelo ndi nthambi, ndipo RLS imayerekezera tebulolo ndi dzina limene munthu walowera, pogwiritsa ntchito fomula ya USERPRINCIPALNAME, imene imatulutsa dzinalo. Dzina lolowera ndi imelo si nthawi zonse zimafanana. Wina anasintha dzina atakwatiwa, imelo inasintha koma lolowera linatsala lakale. Wina polemba tebulo analumpha chilembo chimodzi. Zikatero palibe uthenga wa vuto umene umabwera, machati amangokhala mbee, opanda nambala. Ikani kakhadi pa lipoti loyesera koonetsa USERPRINCIPALNAME, munthuyo atsegule, muyerekeze ndi za mu tebulo chilembo ndi chilembo.

Dziwaninso kuti munthu akakhala mu ma role awiri, Power BI imaphatikiza zimene onse awiri amalola. Sisankha lokhwima. Ndipo ngati model ili mu workspace ina yosiyana ndi ya lipoti, tsegulani Manage permissions pa model, muone ngati ali ndi Read.

FUNSO: Lipoti ndikuliona, koma Analyze in Excel ikukana.

YANKHO: Kuona ndi Read, kukoka deta ya model kupita nayo ku Excel kumafuna chilolezo cha Build. Pemphani mwini model. Akakupatsani koma n'kukanabe, mwina woyang'anira Power BI wa kampani yonse anazimitsa zimenezi mu tenant settings.

FUNSO: Ife timagwiritsa ntchito Tableau Server, pulogalamu ina ya ma dashboard. Ndinaika mtsikana watsopano mu gulu limene lili ndi Allowed pa workbook (fayilo ya machati ya mu Tableau), koma iye yekha sakutha kuiona. Anzake onse a mu gululo akuiona.

YANKHO: Onani magulu ena amene alimo. Mu Tableau chilolezo chimakhala Allowed, Denied kapena chosatchulidwa. Munthu akakhala mu magulu awiri, lina Allowed lina Denied, chimapambana ndi Denied. Lamulo loikidwa pa dzina la munthu mwiniwake limaposa la gulu, ndipo pamwamba pa zonse pali site role, udindo wa munthu pa site yonse ya Tableau: amene ali Viewer sangasinthe workbook ngakhale mutamulola kangati, ndipo Unlicensed salowa n'komwe.

Musavutike kuganizira. Tsegulani Permissions pa workbook, sankhani gululo, pansi pabwera mayina ndi zimene aliyense akuloledwa kwenikweni. Ikani mausi pa kabokosi ka mtsikanayo, Tableau ikuuzani chimene chamuletsa. Langizo langa ndi lakuti Denied muziigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Ngati simukufuna gulu lione chinthu, kungosiya osatchula kumakwanira, ndipo sikudzapinga munthu amene gulu lina lamulola. Ngati workbook inaikidwa popanda ma tab, view (tsamba limodzi la mu workbook) iliyonse imakhala ndi zilolezo zakezake, choncho onaninso pa view imene akuifunayo.

FUNSO: Amene ankatipangira ma dashboard anasiya ntchito. Chichokereni, manambala sakusintha, ma dashboard ena akuti chilolezo chakanidwa. Ife sitinakhudze kalikonse.

YANKHO: Simunakhudze, koma a IT anatseka akaunti yake, ndipo anachita bwino. Dashboard inkalowa mu database ndi dzina ndi pasiwedi ya iyeyo. Mu Power BI tsegulani Settings ya semantic model, dinani Take over, kenako mulembe zolowera zatsopano pa Data source credentials. Ngati deta ili pa seva ya mu kampani, zolowerazo zili pa connection ya gateway, pulogalamu yolumikiza Power BI ndi sevayo. Onaninso scheduled refresh, ndondomeko yokokera deta yatsopano pa nthawi zoikika, chifukwa ikalephera kanayi motsatizana Power BI imaizimitsa yokha, ndipo muyenera kuiyatsanso pamanja. Mu Looker Studio, pulogalamu ya ma dashboard ya Google, vuto lake ndi lomweli pamene data source ili pa Owner's credentials, kutanthauza kuti imalowa ndi zolowera za mwini wake: mwini akachoka, umwini upite kwa wina amene ali ndi chilolezo pa detayo.

Polemba zolowera zatsopano musaikepo zanu, chifukwa tsiku limene mudzasinthe pasiwedi zidzaimanso. Pemphani a IT akupangireni akaunti ya ntchito imeneyi yokha, yoti izingowerenga matebulo amene dashboard imafuna, yosatha kulemba kapena kufufuta kanthu mu database.