Kwa achemwali amene abwana akufuna kukuchotsani ntchito chifukwa cha mimba

Achemwali, abwana anuwo akunama, mimba si mlandu. Ndikulemba apa mtima uli phaphapha chifukwa zomwezi zinandionekera ine.

Ndinali kalaliki pa esiteti ina ya fodya kuno ku Kasungu, ndinkalemba mabelo. Mimba itayamba kuoneka, manijala sanandiitanire ku ofesi ayi. Anandipeza m'shedi momwemo, anthu osankha fodya ali mbwee pansi, fumbi lili koboo, n'kukuwa kuti pano si pa sikelo ya amayi oyembekezera, ndipereke makiyi a kabati kwa mnyamata wina. Mnyamata woti ntchitoyo ndinamuphunzitsa ndine! Anatambasula dzanja maso ali pansi. Amayi amene ndinkadya nawo nsima masana alionse anangoti zii, kupitiriza kumanga fodya ngati sakumva. Ndinatola kontena yanga ya chakudya miyendo ikunjenjemera. Manijala ameneyo ali ndi mkazi, ali ndi ana aakazi, koma nkhanza zake! Mpaka lero ndikaona galimoto yake pa Boma mtima umandiwawa.

Lamulo la za ntchito lilipo, Employment Act ya 2000. Gawo 5 limaletsa kusala wantchito chifukwa choti ndi mkazi, mtundu wake, chipembedzo kapena ulumali. Mayi ali ndi ufulu wa tchuthi chokabereka cha masabata 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kumuchotsa chifukwa cha mimba ndi mlandu. Bwanayo ndiye ayenera kupereka umboni woti chifukwa chake chinali china, osati inu. Thamangirani ku ofesi ya leba pa Boma miyezi 3 isanathe akakuchotsani, zikakanika nkhani imapita ku khoti la milandu ya pantchito, Industrial Relations Court, ku Lilongwe. Manijala wanga uja a leba atamuitana mawu anamuthera, ndalama zanga anapereka.

Kalata yoti mwasiya nokha musasaine, ngakhale akunyengerereni bwanji. Sungani mauthenga a pa WhatsApp, mapepala a malipiro ndi buku la sikelo. Komatu musalimbane nawo pagulu achemwali, ngati mungathe kupirira mpaka mubereke, pirirani. Ine ndalama ndinalandira koma ntchito sindinabwererenso, ndipo mamanijala a m'maesitetiwa amauzana, ndinavutika kwambiri kuti ndipeze pena polowa.