Kodi Benjamin Banneker ndiye anajambula mapu a mzinda wa Washington?

Inu amene mwafunsa ngati ndi zoona kuti Benjamin Banneker anajambula mapu a Washington, likulu la dziko la America, kuchokera pamtima Pierre L'Enfant, amene ankakonza pulani ya mzindawo, atachotsedwa ntchito, yankho ndi lakuti ayi, ndipo zimandimvetsa chisoni kuti nthano imeneyi imaphimba ntchito yeniyeni ya bambo ameneyu. Banneker anathandiza Andrew Ellicott, katswiri woyeza malo, kuyeza malire a chigawo cha likulu kuyambira mu Febuluwale 1791, pamene ntchito yake inali kuyang'anira wotchi yoyezera nyenyezi ndi kulemba zimene ankaona kumwamba usiku, koma pofika mu Epulo anali atabwerera kwawo. L'Enfant anachotsedwa mu 1792.

Banneker anabadwa pa 9 Novembala 1731 m'boma la Baltimore ku Maryland, ali mfulu pa nthawi imene anthu akuda ambiri kumeneko anali akapolo, ndipo mbali yaikulu ya moyo wake anadalira munda wa fodya umene makolo ake anagula. Ali ndi zaka pafupifupi 21 anabwereka wotchi yam'thumba, nayang'anitsitsa m'kati mwake, nawerengera kukula kwa gudumu lililonse ndi mano ake, kenaka anasema ndi mitengo wotchi yaikulu yolira pa ola, imene inkayendabe mpaka imfa yake.

Za nyenyezi anaziyamba atakula kale. Mu 1788, ali ndi zaka zoposa 55, mnansi wake George Ellicott anamubwereka mabuku ndi zipangizo, ndipo Banneker anaphunzira yekha mpaka kutha kuwerengera tsiku la kadamsana. Kenaka anayamba kuwerengera nambala za alimanaki, ndipo apa ndi pamene pali ulemu wake, chifukwa alimanaki ya masiku amenewo inali kabuku kamene mlimi ndi woyendetsa ngalawa ankadalira chaka chonse pofuna kudziwa nthawi yotuluka ndi kulowa kwa dzuwa, kusintha kwa mwezi ndiponso kukwera ndi kutsika kwa madzi a m'nyanja, ndipo nambala iliyonse inkawerengedwa pamanja, moti kulakwitsa pang'ono kukanaonekera kwa aliyense woyang'ana kumwamba. Mabuku ake a alimanaki anatuluka a zaka za 1792 mpaka 1797, ku Baltimore, Philadelphia ndi m'mizinda ina.

Pa 19 Ogasiti 1791 anatumiza mawerengero ake olemba pamanja kwa Thomas Jefferson, amene pa nthawiyo anali nduna ya boma la America, pamodzi ndi kalata yomudzudzula mwaulemu koma mosapita m'mbali kuti analengeza zoti anthu onse analengedwa ofanana pamene iye mwini akusunga akapolo. Jefferson anayankha mothokoza pa 30 Ogasiti, koma mu 1809, Banneker atamwalira kale mu Okutobala 1806, analembera mnzake Joel Barlow zokayikira kuti mwina mmodzi wa a m'banja la Ellicott ndiye ankathandiza Banneker. Kukayikira kumeneku ndimakuona kuti n'kopanda chilungamo, makamaka poti nyumba ya Banneker inapsa tsiku la maliro ake pamodzi ndi wotchi ija, koma buku lake la mawerengero linapulumuka ndipo akatswiri analiunika bwino.